Mbendera Yachikasu

Lamlungu m'mawa ku Whitehaven
mphepo yochokera kunyanja siodira.
Imangolowa, m'makutu, m'khosi mwa jekete,
n'kukagwedeza ukonde wa pagolo
umene a Routledge anaumanga ndi zingwe za nsapato
chaka chatha, n'kulonjeza kuti agula wina.

Ine ndinabwera kudzangoonerera,
tiyi m'fulasiki, manja m'thumba.
Koma wogwira mbendera wa masiku onse sanabwere,
mwana wake wadwala katsabola,
ndipo makolo anzanga atamva funso
onse anaweramira mafoni awo ngati akupemphera.
Mbendera inagwera ine.
Yachikasu, ndodo yake yomata ndi tepi.

Woimbira ndi Fraser, zaka khumi ndi zisanu,
mawu ake sanasankhebe
kukhala a mwana kapena a bambo.
Akaliza kherere amacheukira kumsewu
kumene amayi ake akumudikira m'galimoto.

Atsikana athu alipo asanu ndi anayi,
majezi obiriwira ofika m'mawondo,
pachifuwa dzina la shopu ya nsomba ndi tchipisi.
A ku Maryport ndi aatali. Amadya chiyani kumeneko?
Pofika nthawi yopuma atimwetsa kale chimodzi,
ndipo Saffron, wapagolo wathu,
akuyamwa lalanje uku akulira,
madzi a lalanje ndi misozi zikukumana pachibwano.

Chigawo chachiwiri. Matope alowa m'masokosi.
Galu wa winawake walowa m'bwalo, wazungulira, watuluka.
Kenako Orla waulanda pakati,
wadutsa mmodzi, wauponya kutsogolo,
ndipo uyo akuthamangayo, tsitsi litamasuka,
nambala seveni kumsana,
ndi Tegan.
Tegan wanga.
Amene wakhala pabenchi miyezi itatu akuzula udzu,
amene madzulo amamenyetsa mpira pachitseko cha galaja
mpaka aneba kugogoda khoma.

Ndinaona. Vuto lake ndi limenelo, ndinaona.
Phazi limodzi, ngakhalenso theka la phazi,
anali atapitirira wotchinga kumbuyo womaliza
mpira usanachoke pansapato ya Orla.
Fraser anali kutali, ali wefuwefu.
Palibe wina anaona.

Ukonde unagwedezeka, ulendo uno osati ndi mphepo.
A Routledge anadumpha, chipewa chawo n'kuuluka.
Tegan anatembenuka, manja m'mwamba,
akundisakasaka pakati pa makhoti ndi maambulera,
mpaka anandipeza.
Nane dzanja langa linali m'mwamba.

Sindikudziwa amene analikweza.

Zinatha choncho, chimodzi kwa duu.
Anapatsana chanza pamzere, matope kukhudza matope.
Bambo wina wa ku Maryport anandisisita paphewa.
Bola akanandinyoza.

M'galimoto mawindo achita nthunzi.
Wakhala kumbuyo lero, mpando wakutsogolo uli wokha.
Tadutsa doko, tadutsa tchalitchi,
tadutsa shopu ya tchipisi ija.
Zii.
Ndikumuona pagalasi akujambula ndi chala pawindo:
mzere, kadontho,
kadontho kena patsogolo pang'ono.
Wayang'anitsitsa. Wafufuta ndi chigongono.

Pamaloboti, maso ali kunja, akuti,
“Ndinapitirira kwambiri?”
Ndamuonetsa ndi zala ziwiri,
mpata wongokwana kabokosi ka machesi.
Wapumira m'mwamba.
“Sabata yamawa mukaime mbali inayo.”
Ndavomera.
Nyali yofiira ikuchedwa ngati ikumvetsera.
“Koma munaona mmene ndinaumenyera?
Ndi lamanzere.”

Ndinaona, mwanangu.
Ndinaona zonse ziwiri.

Nsapato zake zili m'jumbo pansi pa mpando,
zikununkhira udzu ndi mvula.
Mbendera ija ndaiwala kubweza.
Yagona pampando wakutsogolo,
yanyowa, yadzikulunga pandodo yake,
ndipo Tegan watambasula mwendo,
akuigunda pang'onopang'ono ndi chala cha phazi,
la kumanzere lomwe lija.